Rafu musamataye: mmene ndinagwetsera dzina la mwana pokongoletsa mbiri

Papita nthawi ndisanalembe pano. Teremu ino yandipanikiza, mapepala ochonga ndi mulu. Koma lero ndati ndikhale pansi ndiulule kanthu kamene ndakhala nako mumtima kuyambira 2023. Inu a m'gulu la ophunzira akale nkhaniyi mumaidziwa theka. Munangomva kuti panali kavuto pa mndandanda wa ana ndipo kanakonzedwa. Kavutoko ndinali ine, ndipo ndi bwino mumve kwa ine ndemwe mmene zinakhalira.

Ndiyambire kumayambiriro. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatisiya m'misozi kuno ku Chiradzulu. Nyumba zinagwa, minda inakokoloka chimanga chili pafupi kucha, ndipo ku Ntauchira matope ochokera m'phiri anasesa mudzi. Sukulu zinatsekedwa kwa masabata angapo, makalasi ena anasanduka mogona anthu. Titatsegulira chaka chatsopano mu Sepitembala, mabenchi ena a Fomu 4 anali opanda eni ake. Nthawi imeneyo ndalama ya mayeso a MSCE inali pamutu pa kholo, ndipo makolo ambiri analibe ndi poyambira pomwe. Apa ndi pamene gulu la ophunzira akale a pasukulu pathu linagwirizana zosonkha ndalama kuti lilipirire ana ovutikitsitsa. Anandipatsa ine ntchito yolemba mayina. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo linali lomveka: dzina lifike pasanadutse pa 31 Okutobala, kuti msungichuma adziwe kuti aliyense asonkhe zingati. Wobwera mochedwa adikire mwayi wina.

Tsono mndandandawu sindinkausunga mu hadikava. Ndinkausunga mu laputopu, mu pulogalamu yotchedwa Git. Anandiphunzitsa ndi mwana wanga wakale amene ankagwira ntchito yolemba mapulogalamu ku Lilongwe. Tsiku lina atabwera ku holide anaona mafayilo anga: "mndandanda_final", "mndandanda_final2", "mndandanda_final_weniweni", "uwu_ndiye_womaliza". Anaseka mpaka misozi, nati, "Sala, zimenezi ayi. Ndikuonetseni njira ya anthu."

Kwa amene simunaimvepo, Git inalembedwa ndi Linus Torvalds mu 2005 kuti anthu ambirimbiri amene amalemba Linux azitha kugwira ntchito limodzi popanda kupondana. Kuyambira chaka chomwecho amene amaiyang'anira ndi Junio Hamano. Ntchito yake ndi kusunga mbiri ya mafayilo. Ukasintha kanthu, umauza Git kuti isunge, ndipo kusunga kumeneko amakutcha commit. Ife aziphunzitsi tiyerekeze ndi logi buku ya mu ofesi mwa a Hedi: cholembedwa chilichonse chili ndi deti, dzina la wolemba, ndi mawu ofotokoza chimene chachitika. Commit iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya zilembo ndi manambala 40, ngakhale kawirikawiri timangoona 7 zoyambirira, ndipo iliyonse imadziwa imene inaitsogolera. Zikalumikizana choncho ndiye mbiri. Malo osungiramo zonsezi ine ndimati nkhokwe. Yathu inali ndi kope lina pa GitHub, lotsekedwa, loona anthu atatu okha: ine, msungichuma, ndi mnyamata wa ku Lilongwe uja. Mayina a ana ovutika si oyanika poyera.

Lachiwiri pa 24 Okutobala kunabwera mtsikana wina amene tinkaganiza kuti sukulu anasiya. Dzina lake sinditchula. Nyumba yawo inagwa ndi Freddy, ndipo anakakhala kwa azakhali ake kutali. Anabwera wapansi, yunifolomu yobwereka. Ndinamufunsa mafunso, a Hedi anavomereza, ndipo ndinatsegula laputopu iye ataima pomwepo n'kulowetsa dzina lake pakati pa mndandanda, motsata alifabeti. Magetsi kunalibe, batire linali litafiira. Ndinachita commit mothamanga, ndipo pa mawu ofotokozera ndinangolemba liwu limodzi: "kukonza". Ndinatseka, belu linalira, ndinapita kukaphunzitsa.

Liwu limeneli ndi limene linandigwetsa.

Pa 2 Novembala msungichuma anatumiza uthenga kuti akufuna mndandanda womaliza. Usiku umenewo ndinayang'ana mbiri ya nkhokwe yanga ndipo ndinachita manyazi. Ma commit analipo 27, ndipo mawu ake anali a munthu wothamangitsidwa: "kukonza", "kukonzanso", "zina", "aaa", "tsopano zatheka", "ayi sizinatheke". Ndinaganiza za ana anga akale, amene ndinkawadula malikisi chifukwa cha ntchito yauve, akuwerenga zimenezi. Ndinati ayi, ndiyeretse kaye.

Git ili ndi chida cha ntchito imeneyi, `git rebase -i`. Chimakutsegulira tsamba la ma commit ako, mzere umodzi commit imodzi, mzere uliwonse woyamba ndi liwu loti pick. Ukhoza kusintha ndondomeko yake, ukhoza kuphatikiza angapo akhale amodzi polemba squash, ukhoza kukonza mawu ake polemba reword. Ndipo ukafufuta mzere, commit imeneyo yachoka mu mbiri pamodzi ndi zonse zimene inasintha. Kunena zoona Git imachenjeza. M'munsi mwa tsambalo muli mawu a m'zilembo zazikulu onena zomwezi. Ndinali nditawaona kangapo mpaka maso anazolowera, monga timazolowerera chikwangwani cha pamsewu wakwathu.

Pakati pa tsambalo panali mizere iwiri yogundizana, yonse yolembedwa "kukonza". Ndinakumbukira kuti tsiku lina ndinachita commit kawiri chinthu chimodzi, ndiye ndinati ndi imeneyi. Sindinatsegule kuti ndione zam'kati. Ndinafufuta mzere umodzi, enawo ndinaphatikizaphatikiza, ma commit 27 anasanduka 5, mawu ake okoma ngati a mu lipoti la ku divishoni. Git siinadandaule. Ikadadandaula zikadakhala kuti commit ina yapambuyo inakhudza mizere yoyandikana ndi dzina la mtsikanayo, chifukwa pamenepo zinthu zikadawombana ndipo ikadaima kundifunsa. Koma mayina amene ndinawonjezera pambuyo pake anali kutali, ena kumtunda ena kumunsi. Dzenje linatsekeka lokha osasiya chipsera. Kenaka, poti mbiri ya mu laputopu inali itasiyana ndi ya pa GitHub, ndinakankha mokakamiza ndi `git push --force`, n'kufufuta mbiri yakale kumenekonso. Ndinagona mtima uli mbee.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mayina anayenera kukhala 32. Msungichuma analandira 31, anawerengetsa, anthu anasonkha za ana 31. Ine sindinawerenge. Ndi mfundo imene imandipwetekabe mpaka lero: mphunzitsi amene amawerenga mitu ya ana m'mawa uliwonse sanawerenge mizere 32.

Panapita masiku 19. Pa 21 Novembala tinaitana ana onse amene alipiriridwe kuti adzatsimikize kalembedwe ka mayina awo. Titamaliza, ndinapeza mtsikana uja ataima pakhomo la sitafu, manja kumbuyo.

"Sala, dzina langa silinatchulidwe."

Ndinatsegula laputopu. Pa mndandanda panalibe. Ndinayang'ana mbiri ndi `git log`, ma commit anga asanu okongola aja, ndipo palibe ndi imodzi yomwe imene inali ndi dzina lake. Apa ndi pamene ndinachimwa kachiwiri, ndipo tchimo ili ndi lalikulu kuposa loyamba. Ndinakhulupirira kompyuta kuposa mwana. Ndinati, "Iwe, mwina unabwera tsiku litadutsa. Kompyuta siiwala."

Sanakangane nane. Anangoyang'ana pansi n'kunena motsitsa mawu, "Sala, munalemba ine ndili pomwepo. Munandifunsanso kuti dzina la bambo anga lili ndi h kapena ayi."

Ndinakumbukira h ameneyo. Thukuta linandituluka. Ndinamuuza kuti apite m'kalasi, ndimuitana mawa.

Wina afunsa kuti, bwanji osangolembanso dzinalo? Kulemba kunali kosavuta. Vuto linali pawiri. Loyamba, lamulo la pa 31 Okutobala. Kunali ana ena amene anabwera mochedwa ndipo tinawabweza. Ndikanangowonjezera dzina pa 21 Novembala popanda umboni, anthu akanati Sala akukondera, ndipo akanakhala ndi chifukwa chonenera choncho. Lachiwiri ndi limene linandisowetsa tulo: ngati dzina limodzi linagwa ine osadziwa, ena angati anagwa? Mtsikanayu analimba mtima kubwera. Nanga wamanyazi amene anangobwerera kwawo n'kukauza amayi ake kuti sukulu yatha?

Usiku ndinaimbira foni mnyamata wa ku Lilongwe uja. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Funso lake loyamba linali lakuti, "Sala, laputopu ndi yomwe ija? Simunaifomate? Foda simunaifufute n'kukoperanso pa GitHub?" Ndinati ayi. Sindinamuuze nthawi yomweyo kuti Loweruka lapitalo ndinatsala pang'ono kuipititsa ku Limbe kuti akaifomate chifukwa inkachedwa, ndipo chinandiletsa ndi ndalama ya minibasi basi.

Anandiuza kuti ndilembe `git reflog`. Pa sikirini panatuluka mizere yambirimbiri, ndipo ndinaona mawu anga auve aja onse: "aaa", "zina", "kukonza", "kukonza". Ndinamva ngati ndakumana ndi abale amene ndinawayika kale m'manda.

Anandifotokozera chimene sindinkachidziwa. Rebase siisintha ma commit akale. Imapanga atsopano, okhala ndi nambala zatsopano, kenaka imasuntha dzina la nthambi yako kuti liloze atsopanowo. Akale aja amatsala m'nkhokwe ngati ana amasiye, opanda wowaitana. Reflog ndi kabuku kena kapadera kamene Git imalembamo paliponse pamene unaimapo. Koma kabukuka kali ndi malire awiri. Oyamba, kamakhala mu kompyuta yako yokha. Sikapita nawo ukakankha ku GitHub, ndipo wokopera nkhokwe yako sakatenga. Achiwiri, sikasunga mpaka kalekale. Ngati sunasinthe kalikonse, mizere wamba imasungidwa masiku 90, koma yoloza ma commit amasiye imasungidwa masiku 30 okha. Sikuti pa tsiku la 31 zonse zimafufutika nthawi yomweyo, chifukwa Git imasesa ikaona kuti zinyalala zachuluka. Koma chitsimikizo chimathera pamenepo. Ine ndinali pa tsiku la 19.

Tinapeza mzere wosonyeza pamene ndinali ndisanayambe rebase. Anandiuza kuti choyamba ndiupatse dzina kuti usathawenso: `git branch kale` kutsogolo kwake nambala ya commit ija. Kenaka `git diff kale master`, kutanthauza kuti, ndionetse kusiyana kwa mathero a mbiri yakale ndi mathero a yatsopano. Zikanakhala kuti ndinangophatikiza ma commit osataya kanthu, sikirini ikanakhala yopanda kalikonse. Panatuluka zinthu ziwiri. Choyamba chinali dzina la mtsikanayo. Chachiwiri ndinali nditachiiwaliratu: mu commit yomweyo ndinakonza dzina la mnyamata wina limene ndinali nditalilemba molakwika, ndipo kulakwikako kunali kutabwerera. Inu nonse mukudziwa mavuto amene munthu amayenda nawo moyo wonse satifiketi ikatuluka ndi dzina losiyana ndi la pa chiphaso. Ndipo mnyamatayo, poti ndi waulemu, masana aja anangoti "lili bwino, Sala" osayang'anitsitsa.

Ena sanagwe. Ndinapuma.

Commit yotayikayo tinaibwezera ndi `git cherry-pick`, chida chimene chimatola commit imodzi n'kuiika pamwamba pa nthambi imene uli. Chimasunga deti loyambirira la wolemba, choncho pa mbiri panaonekanso 24 Okutobala. M'mawa ndinatumizira msungichuma zonse, nthambi yakale ija ndi uve wake womwe, "aaa" ndi "ayi sizinatheke" zili poyera. Manyazi amene ndinkathawa anandipeza ali owirikiza. Iye sananene zambiri. Anangoti, "Sala, tamva. Tiwonjezera." Pofika madzulo anthu atatu anali atasonkha ndalama ya mwana wa nambala 32.

Mtsikanayo ndinamuitana pamaso pa a Hedi, ndipo ndinapepesa. Si chinthu chimene ife aziphunzitsi tinazolowera, kupepesa mwana. Ndinamuuza kuti iye ananena zoona, ine ndi amene ndinalakwa, ndipo kompyuta inangochita zimene ndinailamula. Anati, "Zikomo, Sala," n'kugwada pang'ono, n'kutuluka. Mayeso ake analemba mu 2024. Zotsatira zake ndi nkhani yake, si yanga yoti ndizilengeza.

Nkhaniyi itamveka mu sitafu, mnzanga wophunzitsa History anandigwira pa mawu. Anamva kuti a makompyuta amati ntchito imene ndinachitayo ndi kulembanso mbiri. Anati, "Achimwene, ndiye inu muli ndi batani lake? Ife tinaziona popanda batani." Anatikumbutsa kuti nduna zitasemphana ndi Dr Banda mu 1964, mayina a Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, anthu amene anamenyera nawo ufulu wa dziko lino, sankatchulidwa poyera kwa zaka pafupifupi 30, ndipo ana ankaphunzira mbiri yosalala bwino yopanda iwo. Ndinadziteteza kuti zimenezo zinali zadala, zanga zinali ngozi. Anavomera, koma anawonjezera kuti kwa amene wagwetsedwayo kusiyana kwake n'kochepa, ndipo kuti mbiri yosalala kwambiri ndiyo yofunika kuifunsa mafunso. Ndinalibe choyankha.

Chimene chinandichititsa manyazi kwambiri n'chakuti phunziroli ndinalilandira kalekale, makompyuta asanafike. Nditangoyamba ntchito, a Hedi athu oyamba, amene anatisiya, anali ndi lamulo pa nkhani yokopera rejisita. Sabata zoyamba za teremu mayina tinkalemba pa rafu, chifukwa ana amabwera mwapang'onopang'ono, ena amasintha kalasi, ena amasamuka. Rafu imadzadza ndi mivi ndi zofufutafufuta. Zikakhazikika ndi pamene umakopera mu rejisita yeniyeni. Iwo ankati: kopera, koma rafu usataye mpaka teremu ithe. Ukatha kukopera werenga mayina a pa rafu, werenga a mu rejisita, manambala afanane. Kenaka itana mnzako, iye aziwerenga rafu mokweza iwe chala chili mu rejisita. Ankadziwa kuti diso limalumpha pamene mayina awiri ofanana agundizana. Ukakhala ndi a Banda atatu motsatizana, mmodzi amagwa. Ine ndinali ndi "kukonza" awiri motsatizana, ndipo mmodzi anagwa. Matenda ndi omwewo, kungoti chida chasintha.

Tsono nazi zimene ndimachita tsopano ndisanakhudze mbiri ya nkhokwe iliyonse. Ndikulemba makamaka chifukwa cha anzanga a Computer Studies amene mwayamba kusunga manotsi, masikimu ndi mapulogalamu a ana mu Git, komanso inu ana anga amene muli ku makoleji.

1. Ndimayamba ndi kusunga rafu. Ndisanalembe rebase ndimalemba `git branch kale`. Ndi masekondi awiri. Nthambi imeneyi imagwira mbiri yakale yonse, ndipo commit imene ili pa nthambi siisesedwa ngakhale papite zaka. Git payokha imasiya chizindikiro chotchedwa ORIG_HEAD pamene unali, koma chimenecho chimasuntha ukachita zinthu zina monga reset kapena merge. Reflog ndi chipatala cha ngozi. Munthu sayendetsa njinga mosasamala chifukwa choti chipatala chilipo.

2. Ndinauza Git kuti isamandilole kufufuta mzere mwakachetechete: `git config --global rebase.missingCommitsCheck error`. Ukatero, mzere ukasowa pa tsamba lija Git imaima n'kukuuza commit imene yasowa. Ngati ukufunadi kuitaya, uyenera kulemba liwu loti drop kutsogolo kwake ndi manja ako. Chitetezo chimenechi chinalowa mu Git 2.6 mu 2015, zaka 8 ngozi yanga isanachitike, koma chimabwera chozimitsa. Uyenera kuchiyatsa wekha. Chikanakhala choyaka, nkhani yonseyi sikanakhalapo.

3. Sinditaya commit imene sindinaitsegule. `git show` ndi nambala yake imakuonetsa zam'kati. Mawu a pamwamba ndi chikuto chabe, ndipo chikuto chimene ndinalemba ndekha batire litafiira si choti ndichikhulupirire.

4. Ndikamaliza ndimafananitsa. `git diff kale HEAD` iyenera kutuluka yopanda kanthu ngati ndinangophatikiza, kusanja kapena kukonza mawu. Ikatulutsa ngakhale mzere umodzi, ndimaima mpaka ndimvetse chifukwa chake. Pamene ndasamutsira ntchito yanga pamwamba pa ntchito ya mnzanga, diff imaonetsanso zosintha za mnzangayo, ndiye pamenepo ndimagwiritsa ntchito `git range-diff`, imene inabwera mu Git 2.19 mu 2018. Imeneyi imaika ma commit akale ndi atsopano mbali ndi mbali, ndipo imene ili kumbali yakale yokha imaiika chizindikiro cha <. Ndi kuwerenga kwa anthu awiri kuja, wina rafu wina rejisita.

5. Ndimawerenga mitu. Ngati fayilo ndi mndandanda wa anthu, ndimadziwa nambala yake ndisanayambe ndipo ndimaionanso ndikamaliza. Nambalayo ndimailemba pa pepala ndi bolopeni. Izi sizifuna Git.

6. `--force` ndinasiya. Ndikafunika kukankha mbiri yolembedwanso ndimalemba `git push --force-with-lease`, imene imakana ngati wina wakankhako kanthu kamene ine sindinakaone. Dziwani kuti imeneyi imateteza ntchito ya anzako, osati yako. Commit imene wagwetsa wekha siingaibweze. Ndipo musaganize kuti ngozi zotere ndi za ife a kumudzi tokha. Mu Novembala 2013 katswiri wina wa pulojekiti ya Jenkins anakankha mokakamiza mwangozi ku nkhokwe zoposa 150 nthawi imodzi, ndipo zinatengera thandizo la a GitHub kuti zibwerere m'malo.

7. Kumapeto kwa mwezi ndimalemba `git bundle create sukulu.bundle --all`, imene imamanga nthambi zonse mu fayilo imodzi, n'kuikopera pa fulashi yokhala mu ofesi. Laputopu imabedwa, imanyowa, imafa. Ife a kuno tinaona madzi akulowa m'nyumba usiku umodzi.

Pamwamba pa zonsezi pali funso limene ndimadzifunsa tsopano: kodi mbiri imeneyi ikufunikadi kuyeretsedwa? Kwa olemba mapulogalamu pali zifukwa zomveka. Mbiri yosanjika bwino imathandiza wobwera pambuyo kupeza pamene vuto linalowera. Koma nkhokwe yanga sinali pulogalamu. Inali kaundula wa ana, ndipo phindu lake lonse linali pa madeti: ndani anabwera liti. Mu logi buku ya sukulu sitimang'amba tsamba chifukwa choti talemba mokhota. Timadula mzere umodzi, kusayina, n'kulemba pansi pake. Ine ndinang'amba masamba chifukwa choopa kusekedwa ndi ana anga omwe. Lero nkhokwe ya mayina sindiichita rebase n'komwe. Chimene ndinasintha ndi kalembedwe ka mawu a commit. Ngakhale batire lifiire bwanji, ndimalemba chimene ndachita: "kuwonjezera mwana mmodzi Fomu 4B, onse 32".

Anzanga amene Git simuigwiritsa ntchito, musati nkhaniyi si yanu. Tonsefe timakopera. Timakopera malikisi kuchoka pa mapepala kupita mu Excel, timasanja mayina motsata alifabeti n'kuiwala kusankha mizati yonse, timasamutsa manambala kuchoka mu foni yakale kupita mu yatsopano, timalembanso mndandanda wa olandira thandizo kuti uoneke bwino kwa alendo. Paliponse pamene chakale chikusanduka chatsopano pali mpata woti wina agwe, ndipo wogwayo sachita phokoso. Cholakwika chimaoneka, chifukwa chilipo. Chosowa sichioneka. Mndandanda wa mayina 31 umaoneka wathunthu ngati wa 32.

Ndipo mwana akabwera kudzanena kuti dzina lake lasowa, yambani mwamukhulupirira. Pitani mukafufuze rafu musanamuyankhe. Ine ndinamuuza mwana wa eni ake kuti kompyuta siiwala, pamene amene anaiwalitsa kompyutayo anali atakhala pampando akumuyang'ana. Akanakhala wofooka mtima akanabwerera kwa azakhali ake, ine n'kumagona tulo tabwino ndi ma commit anga asanu okongola.

Nthambi ija yotchedwa kale ikadalipo mu laputopu. Mnyamata wa ku Lilongwe anandiuza kuti tsopano ndikhoza kuifufuta, ntchito yake inatha. Ndinamuyankha kuti a Hedi ankati mpaka teremu ithe, koma ya imeneyi teremu yake sinathe.

Kwa lero ndilekere pomwepa, mapepala a Fomu 2 akundidikira. Inu a ku Joni ndi a ku Lilongwe, tikuonani pa holide.